Ophunzira Chilatini ndi Chigiriki akuvutika kukafika ku Athens ndi Rome

LILONGWE – Ku America ndi ku Britain, ambiri mwa ophunzira zilankhulo ndi mbiri ya Agiriki ndi Aroma akale amakakhalako ku Athens kapena ku Rome asanatsirize digiri yawo. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu amene wakwera wapansi kuchoka pamsika wakale wa Athens kukafika pamwamba pa Acropolis, kapena wayesapo kuwerenga mwala umene zilembo zake zina zidafufutika, amawamva mwa mtundu wina mabuku omwe adawerenga m'kalasi.

Malo owalandira adakhazikika kalekale. American School of Classical Studies at Athens idakhazikitsidwa mu 1881, British School at Athens mu 1886, ndipo British School at Rome mu 1901. Palibe dziko la kummwera kwa Africa lomwe lili ndi sukulu yotere ku Athens.

Komatu maphunzirowa si achilendo m'chigawo chino. Ku Malawi, Dr Hastings Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Kasungu mu 1981 nalamula kuti ana onse aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Pakati pa 1982 ndi 1985, Caroline Alexander, yemwe pambuyo pake adamasulira Iliad m'Chingerezi, adayambitsa nthambi ya maphunzirowa ku Chancellor College ku Zomba. Ku South Africa, komwe malamulo ake adachokera kwa Aroma kudzera mwa Adatchi, Chilatini chidali chofunika kwa ofuna kukhala maloya a m'makhoti akuluakulu mpaka mu 1994. Lamulolo litachotsedwa, makalasi a Chilatini adachepa anthu.

Chimene chimatsekereza wophunzira wa kuno si ndalama yolipirira chitupa cha visa, monga ambiri amaganizira. Malamulo a mayiko a Schengen amachotsera ophunzira mtengowo ngati ulendo uli waufupi ndiponso wa maphunziro. Vuto lagona pa zina: umboni woti ali ndi ndalama zodzisamalira, inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, ndi tikiti ya ndege. Zonsezi zimawerengedwa m'ndalama zakunja, ndipo kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Wofuna kukhala ku Italy kupitirira miyezi itatu amafunika chitupa cha dzikolo, pomwe kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka.

Zotsatira zake n'zakuti amene apeza mwayi wotuluka amatuluka mochedwa, pa digiri yachiwiri kapena yachitatu, ndipo kubwerera kwawo kumadalira ngati kunyumba kuli ntchito. Nthambi ya aphunzitsi owerengeka ikataya mmodzi, phunziro lathunthu limaima.

Funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti n'chifukwa chiyani ulendowu uyenera kuloza ku Ulaya kokha. Gawo lalikulu la ufumu wa Aroma lidali mu Africa. Septimius Severus, yemwe adalamulira kuyambira 193 mpaka 211, adabadwira ku Leptis Magna, ku Libya. Augustine Woyera adabadwa mu 354 ku Thagaste, komwe lero ndi Souk Ahras ku Algeria. Mabwinja a Dougga ku Tunisia ndi Volubilis ku Morocco ali ndi zolembedwa pamiyala zokwanira kuphunzitsira kalasi kwa miyezi. Ku Aksum, ku Ethiopia, mfumu Ezana idalembetsa za nkhondo zake m'Chigiriki pambali pa Chigeez.

Njira imeneyi nayonso ili ndi minga. Libya sidakhazikike chiyambire nkhondo ya 2011, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO lidaika Leptis Magna pamndandanda wa malo omwe ali pachiopsezo. Komabe mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa okhaokha ungachepetse kudalira zitupa za Schengen, ndipo ungapatse ophunzira nkhani zofufuza zomwe zili pafupi ndi kwawo. Buku lina la Chigiriki la amalinyero, lolembedwa m'zaka 100 zoyambirira chibadwire Yesu, limatchula doko la Rhapta ngati msika wotsiriza kugombe la kummawa kwa Africa. Akatswiri ambiri amati lidali m'dera lomwe lero ndi Tanzania, koma mpaka pano sadagwirizane za malo ake enieni.