Mwana wa msodzi amene anapanga mafilimu

Ku Senegal, dziko la kumadzulo kwa Afrika, kunali bambo wina. Dzina lao linali a Ousmane Sembène. Anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor. Atate ao anali msodzi. Sukulu sanaimalize. Atakula anapita ku Marseille, ku France, kukanyamula katundu pa doko.

Kumeneko anayamba kulemba mabuku m'Cifalansa. Koma anthu ambiri kwao sankadziwa kuwerenga. Nanga nkhani zao akanazimva bwanji? Conco mu 1962 anapita ku Moscow kukaphunzira kupanga mafilimu. Filimu amaimva agogo, amaimvanso mwana amene sanadziwe a, e, i, o, u.

Anthu ena amati filimu yabwino ndi ya nkhonya ndi mfuti. A Sembène sanavomere, ndipo anacita bwino. Iwo anaonetsa anthu wamba. Nthawi zambiri osewera ake anali anthu amene sanaphunzire nchito ya sewero.

Filimu yao ya mu 1963, Borom Sarret, ndi ya munthu woyendetsa ngolo ya kavalo mu mzinda wa Dakar. Alowa kudera la anthu olemera, wapolisi amlanda ngolo. Madzulo abwerera kunyumba cimanjamanja.

Mu 1968 anapanga Mandabi. Mu filimu imeneyi anthu amalankhula Ciwolofu, cilankhulo ca kwao. Bambo Ibrahima Dieng alandira kalata ya ndalama yocokera kwa mphwao ku Paris. Apita ku positi. Kumeneko awauza kuti abweretse citupa. Kuti apeze citupa, pafunika cikalata ca kubadwa. Pafunikanso zithunzi. Bambo aja ayenda ofesi ndi ofesi, dzuwa lili pamutu. Kumudzi mbiri yawanda kale kuti alemera. Anansi abwera kudzapempha mpunga. Pomaliza munthu wophunzira, amene anati awathandiza, ndiye awabera ndalamazo.

Kodi nkhani yotere si yomvetsa cisoni? Inde, ndi yacisoni, ngakhale mwina imaseketsa. Koma kholo lililonse limene linabwezedwapo pa ofesi cifukwa ca pepala limodzi limamdziwa bambo Dieng. Likaona filimuyi limayamba kufunsa: analakwa ndani?

Funso limeneli ndi limene a Sembène ankafuna. Kwa iwo sinema inali ngati sukulu ya usiku. Ankapita ndi mafilimu ao m'midzi. Filimu ikatha, ankakhala pansi ndi kukambirana ndi anthu.

Filimu yao yomaliza, Moolaadé, inatuluka mu 2004. Ndi ya mayi wolimba mtima amene anateteza atsikana anayi. A Sembène anamwalira ku Dakar mu 2007, ali ndi zaka 84.