MBONI INENE ZIMENE INAONA BASI

Abale anga pagulu pano, dzulo pa Sadzi tinakangana mpaka mdima. Ena amati, bwanji jaji amaidula mboni ikanena kuti ikudziwa mumtima mwake amene anapha? Ine ndikuti jajiyo akulondola.

Ndinakulira kunyanja. Msodzi akamira, dzuwa lisanalowe mudzi wonse umakhala utapeza kale womuloza chala. Bambo anga ankangofunsa ngati wolankhulayo analimo m'bwatomo. Onse zii.

Ku High Court ya Zomba mboni wamba inene zimene inaona ndi kumva yokha: nthawi yanji, pati, chikwanje chinali m'manja mwa ndani. Chimene chinapha munthu anene dokotala wopima mtembo. Wolakwa ndani, ligamule khoti.

Kumbukirani Robert Chasowa, 2011. Apolisi anati wadzipha. Dr Charles Dzamalala atapima thupi anapeza kuti anachita kuphedwa, ndipo komishoni ya 2012 inapezanso chimodzimodzi.

Ngati apolisi anaphonya, nanga neba amene mumalimbirana naye malire a munda? Munthu asakaolere ku Zomba Central Prison chifukwa cha "ndikuona ngati". Mawa akhoza kukhala mwana wanu.

Tumizani kwa ena.