Musanagone Kunsi kwa Galimoto

Loweruka kukacha kuno ku Nkwazi, mu Ndola, ukamayenda m'tinjira ta pakati pa nyumba, sulephera kuona miyendo iwiri ya munthu itatulukira kunsi kwa galimoto. Mutu ndi chifuwa zili mkati, wailesi ikulira pawindo, kamwana kagwirizira sipanala pambali. Zimenezi n'zosangalatsa, ana anga, pakuti wodzikonzera yekha chinthu chake ndi munthu wosamala, ndipo ndalama imene ikanapita ku galaja imagula ufa ndi makala. Koma ine ndikaona miyendo ija, maso anga amayamba afunafuna chimene chanyamula galimotoyo. Nthawi zambiri chimene ndimapeza ndi kajeke kamodzi kopendekeka, mwinanso njerwa zinayi zosanjikiza, basi.

Magalimoto athu ambiri ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde, n'kudzafika kuno atayenda kale zaka zambiri. Ma Corolla, ma Vitz, ma Noah, ndi ma Hiace amene amatuta anthu pakati pa Ndola ndi Kitwe. Msewu waukulu amauyenda bwino, koma akangokhotera m'komboni amakumana ndi maenje ndi miyala, ndipo zimene zimayamba kudandaula ndi zakunsi: mabushi, mabuleki, ekizozi. Ndiye mwini galimoto, afune asafune, tsiku lina adzagona chagada pansi pake. Anyamata akhala akufunsana kuti chofunika kugula n'chiti, marampu, tizitunda tija tokwerapo galimoto, kapena jeke wamkulu. Funsolo ndi labwino, safunsa anadya phula. Koma tisanayankhe, tiyeni tikumbuke kumene tachokera.

Ambiri a ife tinabwera kuno chifukwa cha migodi. Agogo athu anachoka ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ena ku Malawi kwenikweniko, kudzagwira ntchito pansi pa nthaka ku Nkana, ku Luanshya ndi ku Mufulira. Lamulo loyamba limene munthu wa mu mgodi amaphunzira ndi lakuti sulowa pamalo pamene denga silinachirikizidwe. Amayamba agogoda thanthwe, agwetsa miyala yolendewera, aika zochirikiza, kenako ntchito. Ndipo anthu a kuno sadzaiwala za pa 25 September 1970, pamene matope ochokera pamwamba anagumukira mu mgodi wa Mufulira n'kupha anthu 89. Chimene chili pamwamba pa mutu wako chikafuna kutsika sichipempha chilolezo. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsono n'zomvetsa chisoni kuti mdzukulu wa munthu amene ankaopa denga la mgodi lero akulowetsa chifuwa chake pansi pa chitsulo cholemera makilogalamu oposa 1,000, atachikweza ndi kachitsulo kokwana m'dzanja limodzi. Corolla yokha imalemera kuposa matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Za Hiace ndiye tisanene.

Jeke amene mumamupeza m'buti pamodzi ndi tayala la sipeya, uja wopukusa ndi dzanja, anapangidwira ntchito imodzi yokha: kutukula ngodya imodzi ya galimoto kuti musinthe tayala lophulika panjira, thupi lanu lili kunja. Phazi lake ndi laling'ono, ndipo galimoto ikangosuntha pang'ono iye amagwa cham'mbali. Palinso jeke wa botolo ndi jeke wa timatayala wokoka ndi chigwiriro chachitali. Awa ndi amphamvu ndithu, amatukula mosavuta, koma mphamvu yawo ili m'mafuta amene atsekeredwa mkati ndi timphira tating'ono. Kamphira kakang'ambika, kapena kavalavu kakalowa mchenga, mafuta amabwerera ndipo galimoto imatsika. Nthawi zina imatsika pang'onopang'ono munthu osazindikira, nthawi zina kamodzin'kamodzi. Ndi fumbi lathu la mu August ndi September, jeke wosungidwa pakhonde sachedwa kulowa mchenga. Choncho mvetsani bwino: ntchito ya jeke ndi kutukula. Kugwira galimoto m'mwamba munthu ali kunsi ndi ntchito ya masitandi.

Masitandi ndi timiyendo tachitsulo tija tokhala ndi mapazi atatu kapena anayi, tokhala ndi mtengo wapakati umene umakwera n'kutsekedwa ndi pini kapena dzino. Mulibe mafuta, mulibe mphira, ndi chitsulo chokhachokha. Mukatukula galimoto, mumaika sitandi pamalo olimba amene anakonzedwera zimenezo, n'kutsitsa jeke pang'ono mpaka kulemera konse kukhale pa sitandiyo. Pa magalimoto aang'ono malowo amaoneka ndi timipata tiwiri m'mphepete mwa chitsulo cha pansi pa zitseko. Musaike pa sampu ya injini kapena pa chitsulo chopyapyala cha pansi, mudzaboola. Masitandi amagulitsidwa awiriawiri, ndipo nambala yolembedwapo, kaya matani 2 kaya 3, kawirikawiri imanena za onse awiri pamodzi. Komanso musakomedwe ndi penti yowala. Chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere. Ngakhale ku America, mu 2020, kampani ya Harbor Freight inaitanitsa kuti abwezedwe masitandi pafupifupi 1.7 miliyoni chifukwa dzino lake linkatha kuphonyoka galimoto ili pamwamba. Ngati zinachitika kumeneko, ndiye inu pogula tembenuzani chinthucho, onani mowotcherera, onani ngati dzino likulowa mokwanira. Ine ndimakonda okhala ndi pini yopyoza mbali zonse, chifukwa pini umaiona ndi maso kuti yalowa.

Ndikudziwa zimene ena mukunena m'mitima: masitandi a chiyani, mabuloko ali mbwee pabwalo? Apa ndiye pamene pagona tsoka la anthu ambiri. Buloko la simenti lili ndi mphako mkati, ndipo linaumbidwa kuti linyamule khoma, kulemera kutamwazikana paliponse. Galimoto imalidinda pa kamalo kakang'ono ndi chitsulo chakuthwa. Silipindika, sililira, limangophwasuka. Njerwa zosanjikiza nazo zimatsetsereka ina pa inzake. Wina adzati, ine ndakhala ndikuchita zimenezi zaka zambiri osaona kanthu. Inde, mwapulumuka, tikuthokoza Mulungu. Koma tsoka silinunkha, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ngati masitandi palibe, chipika chokhuthala cha mtengo wolimba, chosafumbwa, chodulidwa mosalala mbali zonse, chimaposa buloko kutali, chifukwa mtengo usanathyoke umayamba walira.

Marampu ali ndi ubwino umene jeke alibe. Galimoto imakwera yokha, n'kukhala pa matayala ake monga mwa masiku onse, ndipo palibe chimene chapachikika pa kansonga. Pa ntchito zimene sizifuna kuchotsa tayala, monga kukhetsa oyilo, kusintha fyuluta, kumanga ekizozi yogwedera kapena kufufuza pamene pakudontha, ine sindiona chinthu chachangu ndi chokhazikika kuposa marampu. Koma malire ake ndi oonekeratu. Tayala lakhala pa rampu, ndiye simungalichotse. Mabuleki, mabeyaring'i, mashoko, zonsezo rampu singakuthandizeni. Ndiponso timagalimoto tambiri ta ku Japan n'tofupika, bampa imakhula rampu tayala lisanafike, ndipo pamafunika thabwa kutsogolo kuti chitunda chikhale chosatsetsereka kwambiri.

Kukwera rampu ndi pamene khalidwe la munthu limaonekera. Wodekha amaika marampu onse awiri molunjika ndi matayala, chiwongolero chili chowongoka, amawakankhira mpaka akhudze mphira. Amaimika mnzake cham'mbali, osati kutsogolo kwa galimoto, kuti azimupatsa chizindikiro ndi dzanja. Kenako amakwera pang'onopang'ono, phazi lili pafupi ndi buleki, mpaka amve tayala lakhazikika pamalo athyathyathya. Wopupuluma amaponda mafuta ngati akupikisana ndi minibasi, tayala limalumpha kachitsulo kotchinga, galimoto n'kugwera kutsogolo, rampu itakanirira pansi pa chitseko. Kuthamanga sikufika. Pa simenti yosalala rampu imathanso kuthawa kutsogolo tayala likamaikankha, ndipo chidutswa cha mphira pansi pake chimathetsa vutolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu china chimene ngakhale madalaivala akale amaiwala. Handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha. Magalimoto aang'ono ambiri, monga Vitz ndi Corolla, amakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo giya kapena P ya otomatiki imagwira akutsogolowo. Mukatukula kumbuyo, handibuleki yanu yakwera m'mwamba pamodzi ndi matayala, sikugwiranso kanthu. Mukatukula kutsogolo, giya ndiye yasanduka yopanda ntchito. N'chifukwa chake matayala otsala pansi ayenera kutsekeredwa ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo, kaya mukugwiritsa ntchito rampu kaya jeke. Manati a tayala muyambe mwawamasula pang'ono galimoto idakali pansi, chifukwa kulimbana ndi nati youma galimoto ili m'mwamba ndi kuigwedeza ndi manja anu omwe. Tayala limene mwachotsa musaligubuduzire kukhoma. Ligonekeni pansi pa galimoto pafupi ndi pamene mukugwira ntchito, kuti zinthu zikalakwika chitsulo chifikire pa ilo.

Koma chimene chimaweruza zonsezi kuno kwathu ndi nthaka. Mabwalo ambiri ku Nkwazi, ku Chipulukusu, ku Kabushi, ngakhale ku Chimwemwe ndi ku Wusakile, ndi a dothi. M'chilimwe dothi limaoneka lolimba. Mvula ikayamba mu November mpaka cha mu April, pansi pamafewa mkati ngakhale pamwamba paoneke pouma, ndipo phazi limodzi la sitandi likangomira pang'ono, galimoto yonse imapendekeka. Walira mvula walira matope. Pa dothi, jeke ndi sitandi iliyonse zikhale pa thabwa lokhuthala ndi lotambalala. Pamalo otsetsereka musayesere n'komwe, kaya muli ndi zida zabwino motani. Kankhirani galimoto pamalo athyathyathya, ngakhale kukhale kwa aneba. Ena amakumba dzenje loti aziimamo, ndipo limathandiza, koma dzinja limadzaza madzi, m'mbali mumagumuka, mpweya wa petulo umakhazikika pansi, ndipo usiku ana amagweramo. Wokumba dzenje akhale wokonzeka kulimangira ndi kulivundikira.

Tsono mukandifunsa kuti ndi ndalama yochepa muyambe chiti, yankho langa ndi masitandi awiri abwino. Jeke muli naye kale m'buti, ndipo jeke ndi masitandi amakwanitsa ntchito zonse, za oyilo ndi za matayala zomwe, ngakhale mochedwerapo. Marampu okha amakwanitsa theka la ntchito. Mukapeza ina ndalama, gulani jeke wa timatayala kuti msana upume, marampu abwere pambuyo. Ndipo si nyumba iliyonse imene iyenera kukhala ndi zonse. Mutu umodzi susenza denga. Anthu anayi kapena asanu a mumzere umodzi akhoza kusonkherana, zida n'kumasungidwa kwa mmodzi wodalirika. Amisiri owotcherera zitsulo tili nawo ambiri, ndipo ena ndi aluso kwabasi, amatha kupanga marampu olimba. Koma pitani kwa amene mukudziwa ntchito yake, mumuuze kulemera kwa galimoto yanu, ndipo musakakamire kutsitsa mtengo mpaka iye achepetse chitsulo. Ku koleji ya NORTEC kuno ku Ndola kumatuluka achinyamata ophunzira za umakaniko. Ngati muli naye wotere pafupi, palibe manyazi kumuitana kuti aone zida zanu, ngakhale ndi mwana wa dzulo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Anyamata ena akamva zotere amaseka, amati tsobola wakale sawawa. Asiyeni aseke, mawu a akulu akoma akagonera. Chimene ndikupempha n'chakuti musalowe kunsi kwa galimoto muli nokha pakhomo. Chitsulo chikatsikira pachifuwa, munthu sangathe kukoka mpweya, sangathenso kukuwa, ndipo mphindi zochepa zimakwana kuti nyumba isanduke ya maliro. Inu amayi a pakhomo, inu alongo, muli ndi ufulu wonse wofunsa bambo kuti, kodi galimotoyi yakhala pa chiyani? Muuzidwenso mmene jeke amatukulira, pakuti tsiku la ngozi mwina ndinu nokha amene mudzakhale pafupi. Jekeyo asachotsedwe, akhale pomwepo atakhudza galimoto ngati mthandizi wa masitandi. Ana asasewere mkati mwa galimoto yotukulidwa, ndipo makiyi akhale m'thumba la amene ali kunsi. Mowa nawo udikire ntchito ithe. Ndipo musanagone pansi, gwirani galimotoyo ndi manja awiri, muigwedeze mwamphamvu. Ikati igwe, igwe inu muli chiimire.

Ntchito ikatha, tulutsani zida zonse, onani kuti kunsi kulibe mwana kapena galu, kenako tsitsani mofatsa. Manati mumalizitse kumanga galimoto itafika pansi, mowoloka, iyi kenako ya kutsidya kwake, ndipo mukayenda ulendo woyamba muwayesenso. Ngati munasintha mabuleki, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto. Oyilo muyeze galimoto itatsika pa rampu, chifukwa ikapendekeka kandodo koyezera kamanama. Oyilo wakale uja muthire m'chigubu chotseka bwino, musamutaye mu ngalande, pakuti madzi a m'ngalande zathu amakathera mu Kafubu, mtsinje umene anthu a mu Ndola amamwa.