Sabuside ya ku Tulare imathamangira khola lalikulu

Dera la Tulare, m'chigwa cha San Joaquin ku California, ndilo limatulutsa mkaka wambiri kuposa dera lina lililonse ku America. Mafamu ambiri kumeneko ali ndi ng'ombe zoposa 1,000 iliyonse, ndipo kumapiri a kum'mawa kuli alimi oweta ng'ombe zanyama pamsipu. Onsewa amalandira thandizo la boma kudzera ku ofesi ya Farm Service Agency, koma momwe ndalamazo zimagawidwira n'zosakomera anthu okhoma msonkho.

Thandizo lokhazikika lili ndi malire omveka. Ndondomeko ya Dairy Margin Coverage, yomwe idabwera ndi lamulo la zaulimi la 2018, imalipira mlimi pamene kusiyana kwa mtengo wa mkaka ndi mtengo wa chakudya cha ng'ombe kwachepa kwambiri. Chitetezo chotchipa, chofika madola 9.50 pa makilogalamu 45 aliwonse, lamulolo lidachiika pa mapaundi 5 miliyoni oyamba a mkaka pachaka, omwe ndi mkaka wa ng'ombe pafupifupi 200. Apa opanga malamulo adaganizira mlimi wamng'ono. Oweta ng'ombe zanyama nawo amalipidwa chilala chikawononga msipu, ndipo palibe wanzeru angatsutse zimenezo.

Vuto lili pa ndalama zadzidzidzi, zomwe zimatuluka mwachangu popanda kuzikambirana mokwanira. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utasokoneza misika, boma lidalipira alimi potengera kuchuluka kwa mkaka wawo. Malire adali madola 250,000 pa munthu, koma kampani ya eni ake atatu ogwira ntchito pafamupo inkatha kutenga mpaka madola 750,000. Mwini ng'ombe zikwizikwi, yemwe banki imamukongoza mosavuta, ndiye adakolola zochuluka. Wa ng'ombe 80 adalandira zongomupepesa.

Chimfine cha mbalame chitalowa m'makola a ku California mu 2024, nkhani idali yomweyo. Boma lidabwezera eni mafamu gawo lalikulu la mtengo wa mkaka wotayika, ndipo mu Disembala chaka chomwecho bwanamkubwa Gavin Newsom adalengeza kuti chigawocho chili pangozi. Koma anthu amene adadwala adali makamaka okama ng'ombe, omwe mkaka umawathovukira m'maso tsiku ndi tsiku. Chipukutamisozi chija chinkawerengera ng'ombe zodwala. Wantchito wogona kunyumba maso atafiira sadali m'masamu amenewo.

Palinso nkhani ya madzi, yomwe ndi yowawa kwambiri. Lipoti la sukulu yaukachenjede ya California ku Davis la 2012 lidasonyeza kuti feteleza ndi ndowe zothiridwa m'minda ndizo zikuipitsa kwambiri madzi apansi m'chigwa cha Tulare Lake. Pa chilala cha 2014, zitsime za mabanja mazanamazana ku East Porterville zidauma, anthu n'kumadikira madzi a m'mabotolo, pomwe mafamu okhala ndi ndalama ankakumba mijigo yozama. Komabe cheke cha sabuside sichifunsa kuti famu yatunga madzi ochuluka bwanji kapena yataya ndowe kuti.

Oikira kumbuyo ndondomekozi amati zimateteza ulimi wa mabanja. Ziwerengero zikukana. Kalembera wa zaulimi akusonyeza kuti mafamu ogulitsa mkaka ku America adatsika kuchoka pa 39,000 mu 2017 kufika pa 24,000 mu 2022, mkaka wokamidwa osachepa konse. Ngakhale Sonny Perdue, ali nduna ya zaulimi, adauza atolankhani ku Wisconsin mu 2019 kuti ku America akuluakulu amakulirakulira ndipo ang'onoang'ono amatuluka.

Aphungu a ku Washington ali ndi mphamvu yokonza izi m'lamulo la zaulimi. Malire a ndalama awerengedwe pa famu imodzi, osati pa maina a eni ake olembedwa pachikalata. Ndipo famu iliyonse ya ku Tulare yofuna thandizo ladzidzidzi iyambe yaonetsa kuti imalipira antchito ake akadwala, komanso kuti ndowe zake sizikulowa m'zitsime za anthu oyandikana nayo.