Abambo a ku Mitundu, magazi a akazi anu si anu

Pali bodza lomwe lamera mizu m'midzi ya kuno kwa Chiseka mpaka ku Nathenje, ndipo likupha amuna mwakachetechete. Mukamufunsa bambo ngati anayezetsa magazi, amayankha mosadodoma n'komwe: "Mayi akunyumba anawayeza kusikelo, alibe. Ndiye kuti nanenso ndili bwinobwino." Amene akuyankha chomwechi ndi bambo wa ana anayi, chala chake sichinabayidwepo ndi kansingano ka achipatala chibadwire. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ife tonse timalakwa tikamawasekerera pabawo, pamaliro ngakhale pabwalo la mfumu.

Mabanja alipo ambiri m'dziko muno omwe mmodzi ali ndi kachirombo ka HIV koma mnzake alibe, chonsecho agona mphasa imodzi kwa zaka. Kachirombo sikalowa nthawi iliyonse anthu akakhalira malo amodzi. Kakhoza kudikira zaka kenako n'kulowa tsiku limodzi. Zotsatira za kusikelo zimanena za mayiyo basi, pa tsiku lomwe wayezedwalo. Choopsa n'chakuti ngati bambo ali nako osadziwa, akhoza kupatsira mkazi wake ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, ndipo mayi amene wangotenga kumene kachirombo ndiye amapatsira mwana mosavuta. Manyazi a bambo mmodzi amagwera anthu atatu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti yankho la vuto limeneli linapezeka pakhomo pathu pomwe. Ofufuza a UNC Project pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe anali nawo pa kafukufuku wa maiko angapo wotchedwa HPTN 052, yemwe ankatsatira mabanja omwe mmodzi ali ndi kachirombo koma mnzake alibe. Mu 2011 zinadziwika kuti munthu akayamba ma ARV msanga, mpata wopatsira mnzake umatsika ndi 96 pa 100 iliyonse. Lero tikudziwa zoposa apo: amene akumwa mankhwala mwandondomeko mpaka kachirombo kusaonekanso m'magazi, sapatsira mkazi kapena mwamuna wake pogonana. Dziko lonse lapansi linasintha kachitidwe kake chifukwa cha umboni womwe mabanja a ku Lilongwe anathandiza kupereka. Nanga bwanji bambo wokhala ku Mitundu, ulendo wa minibasi imodzi kuchoka pamenepo, akukanabe kumva?

Akuluakulu akukumbukira komwe tachokera. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri nkhaniyi inali ya manong'onong'o. Mu 1995 khamu la anthu linakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, koma maliro sanachepe. Mu 2004 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bakili Muluzi, anaulula poyera kuti mchimwene wake Dickson anamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachirombo pa mankhwala a moyo wonse. Kuyambira 2016, aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Kwa ambiri lero ndi piritsi limodzi patsiku.

Amayi anamva ndipo anachitapo kanthu. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 mwa 100 alionse m'Malawi ali ndi kachirombo. Mwa amayi omwe ali nako, pafupifupi 90 pa 100 ankadziwa, pomwe mwa abambo anali pafupifupi 85. Ena anena kuti kusiyanako n'kochepa. Koma mukachulukitsa ndi chiwerengero cha dziko lonse, ndi amuna zikwizikwi omwe akuyenda ndi kachirombo kosamweredwa mankhwala, kochuluka m'magazi, ndipo ndi iwo amene akhoza kupatsira ena mosavuta.

Pitani pa msika wa Mitundu tsiku la msika mukaone mmene bambo amagulira mbuzi. Amaitsegula kukamwa, amaigwira m'nthiti, amaiyang'ana m'maso, ndipo sangalole kuti wogulitsa amuonetse mbuzi ina n'kumuuza kuti iyinso ili chimodzimodzi. Munthu yemweyo, pa nkhani ya thupi lake, amakhutira ndi magazi a munthu wina. Ikafika nyengo yogulitsa fodya ndi mtedza, ndalama zikalowa m'thumba, tonse tikudziwa zomwe zimachitika m'malo omwera mowa ndi m'nyumba zogona alendo pa Mitundu ndi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje. Kondomu imaiwalika, ndipo atsikana achichepere ofuna ndalama ya sopo ndi fizi ndiwo amasenza zotsatira zake.

Mathero ake timawaona ndi maso. Bambo amayamba kukhosomola, kuonda, kutuluka thukuta usiku. M'malo mopita kuchipatala amagulitsa mbuzi kulipira sing'anga, n'kubwerako ndi mphini pachifuwa ndi dzina la m'bale amene akuti wamulodza. Pomwe akufika naye ku chipatala cha Mitundu amakhala atapanikizidwa pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto, mutu uli lende, chifuwa chachikulu chitamudya kale. Ena amafika pomaba mapiritsi a akazi awo usiku, onse awiri n'kumamwa modumphitsa. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Amuna ali ndi madandaulo awo ndipo ena ndi omveka. Amati mzere kuchipatala ndi wautali, wakabaza akataya m'mawa wonse ana agona ndi njala. Amati pa benchi pamadzaza amayi ndi ana, mwamuna akakhalapo mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe. Apa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Lilongwe ayenera kumva. Tengani zoyezera mupite nazo komwe amuna ali: pamsika, pa bwalo la mpira, pa siteji ya kabaza, ngakhale madzulo anthu ataweruka. Gawani zipangizo zodziyezera wekha, zomwe munthu amapukuta nazo nkhama n'kuona zotsatira pakatha mphindi 20 ali m'nyumba mwake, zikaonetsa kuti kachirombo kalipo n'kupita kukatsimikiza kuchipatala. Koma madandaulo amenewa asasanduke chobisalira. Mwamuna yemweyo amatha kuima tsiku lathunthu pamzere wa feteleza osadandaula za manyazi.

Kwa aneneri ndi asing'anga omwe amauza anthu kuti achira, ataye mankhwala: mukupha anthu. Mankhwala othetseratu HIV sanapezeke, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa nkhani zabodza za matendawa, monganso limaletsa kusala munthu chifukwa ali ndi kachirombo. Pempherani nawo, koma piritsi amwe.

Tisaiwalenso kuti mankhwala ambiri omwe timalandira ulere amagulidwa ndi thandizo lochokera kunja. Mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake m'maiko ambiri, ntchito zina zolimbana ndi Edzi kuno zinagwedezeka. Munthu aliyense amene watenga kachirombo lero adzafuna mankhwala moyo wake wonse, ndipo dziko losauka ngati lathu silingapitirize kuonjezera chiwerengerocho chifukwa cha amuna okana kuyezetsa.

Mafumu a kwa Chiseka, kwa Chadza ndi madera ozungulira, yambani ndinu. Yezetsani anthu anu akuona, ndipo nkhaniyi muziinena pamaliro ndi pa misonkhano ya chitukuko. Abusa ndi ankhoswe, musamange ukwati wa anthu omwe sanayezetsere limodzi. Ndipo inu bambo amene mukuwerenga izi, sabata ino isathe musanapite kukabayitsa chala chanu. Kuyezetsa ndi kwaulere, mankhwala ndi aulere, ndipo ana anu akufuna bambo wamoyo.