Maginito Sakhala pa Bolodi

Abale anga, lero mundipirire, ndabwera wokwiya. Mwana wafika polemba MSCE, amajambula bwinobwino mizere yochoka ku N kupita ku S, koma chibadwire sanagwirepo maginito. Ukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Sukulu yathu ilibe labotale." Aaa, zoona?

Phwasulani wailesi yakufa, mu sipika muli maginito. Kapempheni fumbi la chitsulo kwa owotcherera. Ikani pepala pamwamba pa maginitowo, wazani fumbilo, gogodani pang'ono. Mizere imene ana amangoloweza ija idzijambula yokha iwo akuona. Khulani singano pa maginito, igonekeni pa tsamba loyandama m'mbale ya madzi: iloza kumpoto ndi kummwera, chifukwa dziko lapansili nalonso ndi maginito. Kulungani waya wokutidwa pa msomali, lumikizani ku batire, msomali uyamba kunyamula mapini.

Mu 1820, Hans Christian Ørsted ku Denmark anaona singano ya kampasi ikukhota pafupi ndi waya wodutsa magetsi. Zida zake? Waya, batire ndi kampasi basi. William Kamkwamba ku Kasungu anayatsa babu ndi dayinamo ya njinga, yomwe mkati mwake maginito amazungulira pafupi ndi waya.

Inde, makalasi ngodzaza, malipiro ngochepa, sitikukana. Koma msomali sudikira bajeti ya boma. Aphunzitsi muli m'gulu muno, Lolemba likubwerali sungani choko kaye. Tengani singano ndi mbale ya madzi, muone ngati mwana aliyense awodzere.