Kanema wa munthu wosauka ndi chenjezo la ngozi

Anthu ambiri amaona wailesi ya kanema ngati chosangalatsa chabe. Nanga boma likhoza kuwononga bwanji ndalama za misonkho pothandiza mabanja kuti apitirize kuonera kanema? Zimene zidachitika ku America mu 2008 ndi 2009 zikutithandiza kuyankha funsoli.

Dzikolo lidalamula kuti nyumba zazikulu zoulutsira kanema zisiye njira yakale ya analogi ndi kuyamba ya dijito. Izi zidatanthauza kuti makanema akale odalira mlongoti sadzagwiranso kanthu popanda kabokosi kosinthira. Choncho kuyambira Januwale 2008, banja lililonse lidaloledwa kupempha makuponi awiri, iliyonse ya madola 40, ogulira kabokosiko.

Chifukwa chimodzi chachikulu chinali chitetezo. Kuyambira 1997, America ili ndi dongosolo lotchedwa Emergency Alert System, limene limadula pulogalamu pa wailesi ndi pa kanema kuti lichenjeze anthu za mphepo ya mkuntho kapena kusefukira kwa madzi. Amene ankadalira mlongoti kwambiri anali osauka, okalamba ndi anthu akumidzi. Kanema wawo akadazima, chenjezolo likadawadutsa.

Ntchitoyi siidayende mosalala. Pofika Januwale 2009 ndalama za makuponi zidaperewera, ndipo ambiri adatsala pamndandanda wodikira. Aphungu adasuntha tsiku losinthira kuchoka pa 17 Febuluwale kufika pa 12 Juni 2009, ndipo adawonjezera madola 650 miliyoni. Komabe vuto lina lidatsala: kabokosiko kamafuna magetsi, pomwe namondwe amayamba ndi kugwetsa mapolo a magetsi. Kuyambira 2012 machenjezo adayamba kutumizidwanso pa mafoni a m'manja.

Ife a ku Malawi nkhaniyi si yachilendo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600, makamaka m'maboma a kumwera monga Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo madera ambiri adakhala mumdima. Phunziro ndi lakuti chenjezo lisadalire njira imodzi. Kanema athandize, koma wailesi ya mabatire, foni, mfumu ndi komiti ya m'mudzi ziyendere limodzi. Boma likamasintha njira zoulutsira mawu, liyambe ladzifunsa kuti: kodi gogo wokhala m'munsi mwa phiri amva nthawi isanathe?